Kanyama kamodzi pa mbale yaikulu: kodi m'malesitilanti apamwamba anthu amalipira chiyani?

Chithunzi chake ambiri tinachionapo pa Facebook kapena pa WhatsApp. Mbale yoyera mbee, yotambalala ngati lichero, ndipo pakati pake pali kanthuli ka nsomba kosaposa chala chachikulu, timadontho titatu ta msuzi wobiriwira ndi katsamba kamodzi. M'munsi mwake wina walembapo mtengo, ndalama zoti kumudzi banja lingagule chimanga chodya mpaka kukolola. Aliyense woona chithunzicho amafunsa chimodzimodzi: kodi ameneyu akhuta? Nanga ngati sakhuta, walipira chiyani?

Funsoli si lachibwana ayi. Kwa ife amene tinakulira pa nsima, kudya ndi kukhuta n'chinthu chimodzi, moti munthu akadya mpunga kapena mbatata madzulo amatha kunena kuti wagona ndi njala. N'chifukwa chake timadabwa tikamva kuti lesitilanti ya Noma ya ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, inkalipiritsa munthu mmodzi pafupifupi madola 500 a ku America pa chakudya chimodzi, malo n'kumatha kudakali miyezi. Timadabwanso kwambiri tikamva kuti mu Januwale 2023 mwini wake, René Redzepi, analengeza kuti adzasiya kutsegula lesitilantiyo monga mwa masiku onse, ati chifukwa kagwiridwe ka ntchito kotere sikangapitirire, pa ndalama ngakhalenso pa mphamvu za anthu. Malo odzaza tsiku ndi tsiku, odula chonchi, angalephere bwanji kudziyendetsa?

Nkhaniyi sili kutali nafe monga mmene imaonekera. Abale athu ambiri ku Cape Town, ku Johannesburg ndi m'mizinda ya ku Britain amapezera ndalama m'makhitchini ndi m'malo odyera, ena akutsuka mapoto, ena akuperekera, ena akuphika. Kadyedwe kameneka, kamene m'Chingerezi amati fine dining, kali ndi mbiri yake, malamulo ake ndi mikangano yake.

Dzina loyambira pa msuzi

Mawu akuti lesitilanti anachokera ku Chifalansa, ndipo poyamba sankatanthauza malo. Restaurant unali msuzi wa nyama wowiritsidwa nthawi yaitali, umene ankati umabwezeretsa mphamvu, ngati phala lamadzimadzi limene timamupangira wodwala akayamba kupezako bwino. M'zaka za m'ma 1760 ku Paris kunabuka timalo togulitsa msuzi umenewu, ndipo dzina la msuziwo linasamukira pa malowo.

Sikuti kugulitsa chakudya chophika kunayambira pamenepo. M'mizinda ikuluikulu ya ku China malo odyera osankha wekha chakudya analipo kale zaka mazana angapo m'mbuyomo. Koma ku Ulaya, wapaulendo akafika pa nyumba ya alendo ankakhala pa tebulo limodzi ndi anthu ena onse, pa nthawi yoikika, n'kudya chimene mwininyumba waphika tsikulo. Chatsopano ku Paris chinali chakuti munthu ankakhala pa tebulo lakelake, pa nthawi imene wafuna, n'kusankha kuchokera pa pepala lolembedwa zakudya ndi mitengo yake. M'zaka za m'ma 1780 Antoine Beauvilliers, yemwe kale ankatumikira kunyumba ya mng'ono wake wa mfumu, anatsegula La Grande Taverne de Londres, malo okongoletsedwa ngati kwa mfumu komweko, operekera ovala bwino ndi vinyo wosankhidwa. Chipwirikiti choukira mfumu chimene chinayamba ku France mu 1789 chitagwetsa ufumu, ambiri mwa anthu apamwamba anaphedwa kapena kuthawa, ndipo ophika awo anakafuna ntchito m'tauni. Akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo pa kukula kwa gawo limene chipwirikiticho chinachita, popeza malesitilanti anali atayamba kale. Chimene sakanganirana n'chakuti chakudya cha kunyumba za mafumu chinatulukira pa msika. Kale unkayenera kubadwira m'banja loyenera kuti uchilawe. Tsopano chinkafunika ndi thumba.

Chifukwa chake mbale zimabwera imodziimodzi

Kwathu chakudya chimabwera chonse nthawi imodzi: nsima, ndiwo zamasamba, nyemba, nyama ngati ilipo, aliyense n'kumatapa. Anthu olemera a ku France nawonso ankadya chonchi, kungoti mbale zinali zambirimbiri, zoyalidwa tebulo lonse kuti mlendo aone chuma cha mwininyumba. Vuto lake linali lodziwikiratu. Chakudya chinkazizira anthu akuchiyang'ana, ndipo amene wakhala kutali ndi mbale yokoma ankangoimva fungo.

Cha m'ma 1810 kazembe wa dziko la Russia ku Paris, Alexander Kurakin, ankadyetsa alendo ake mwa njira ya kwawo: chakudya chimodzi chibwere chotentha, aliyense alandire gawo lake, achotse mbale, kenako chibwere china. Njirayi inatenga zaka makumi angapo kuti izike mizu, koma itazika inasintha zonse. Inafuna operekera ambiri, mbale zambiri, mafoloko ndi mipeni yosiyanasiyana. Inapatsanso wophika mphamvu imene analibe, chifukwa tsopano ndiye ankasankha choyamba kulowa mkamwa mwa mlendo ndi chotsatira chake.

Kuchepa kwa chakudya pa mbale n'kwa posachedwa. Mu 1973 olemba nkhani za zakudya awiri, Henri Gault ndi Christian Millau, anafalitsa mfundo 10 za kaphikidwe katsopano kotchedwa nouvelle cuisine: osapsereza chakudya pa moto, kugwiritsa ntchito zinthu zongobwera kumene kuchokera ku msika, kuchepetsa misuzi yolemera ya batala ndi ufa, kufupikitsa menyu. Ophika a ku France a nthawi imeneyo anaphunziranso zambiri ku Japan, kumene mwambo wa kaiseki umapereka timbale ting'onoting'ono totsatizana, tofanana ndi nyengo ya chaka. M'menemu ndi mmene munatuluka chimene lero amati tasting menu, kapena tinene kuti chakudya cholawa: mlendo sasankha, amakhala pansi n'kulandira mbale 8, 12, nthawi zina kuposa 20, kwa maola atatu kapena anayi.

Apa ndi pamene chithunzi chija chimatinamiza. Kanthuli ka nsomba kaja si chakudya chonse, ndi nyimbo imodzi pa chimbale. Woimba akamakonza chimbale amaganizira nyimbo yotsegulira, yovinitsa, yotsitsa mtima ndi yotsekera, ndipo wophika amachita chimodzimodzi: chowawasa pang'ono chotsegula mkamwa, cha m'madzi, cha kumunda, nyama, kenako chotsekemera. Kodi munthu amakhuta? Kawirikawiri inde, chifukwa timbale 15 pamodzi ndi buledi tikaphatikizana ndi chakudya chambiri. Koma ndi kukhuta kobwera pang'onopang'ono, kosiyana ndi kwa mitanda itatu ya nsima. Okonda kadyedwe aka amati lilime limatopa ndi kukoma kumodzimodzi likangolawa kangapo, choncho ndi bwino mbale ithe munthu akuifunabe. Otsutsa amati mlendo wasanduka womvera, wolipira ndalama zambiri kuti adye zimene wina wamusankhira, akumvetsera woperekera akulongosola mbale iliyonse pamene iye amafuna kucheza ndi amene wabwera naye.

Malo amene anafikitsa zimenezi patali ndi El Bulli, ku gombe la Catalonia m'dziko la Spain, pansi pa Ferran Adrià. Kumeneko mbale zinkapitirira 30. Chimodzi mwa zodziwika chinali chooneka ngati chipatso cha azitona, koma chili madzi a azitona okutidwa ndi kakhungu kopyapyala kopangidwa ndi mankhwala ochokera ku zomera za m'nyanja, moti chimaphulika chikangofika pa lilime. El Bulli inkatsegula pafupifupi theka la chaka chokha, ndi malo a anthu pafupifupi 8,000, pamene opempha malo ankati amafika 2 miliyoni. Ngakhale zinali choncho lesitilantiyo payokha sinkapanga phindu. Ndalama zinkachokera ku mabuku, maphunziro ndi mapangano ndi makampani. Inatsekedwa mu Julayi 2011.

Manja amene mlendo sawaona

Kuti timvetse mmene malo odzaza angalepherere kupanga phindu, tiyenera kulowa kukhitchini.

Amene anayendapo kuseri kwa nyumba pa ukwati kapena pa maliro amadziwa dongosolo lake. Pali amayi a pa mphika wa nsima, ena pa nyemba ndi kabichi, abambo osenda mbuzi, anyamata a nkhuni, atsikana a madzi, ndipo pamwamba pa onse pali mayi mmodzi amene akanena kuti pakulani ndiye kuti yapsa. Khitchini ya lesitilanti yapamwamba imayenda chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti ukwatiwo umachitika tsiku lililonse, ndipo mbale ya lero iyenera kufanana ndendende ndi ya dzulo.

Amene anakhazikitsa dongosololi ndi Auguste Escoffier, Mfalansa wobadwa mu 1846, yemwe anaphikirapo asilikali pa nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870. Mu 1890 anapita ku hotela ya Savoy ku London pamodzi ndi César Ritz, woyang'anira mahotela, ndipo anagawa khitchini ngati gulu la asilikali. Pamwamba pali shefu wamkulu, pansi pake wachiwiri wake, kenako akulu a zigawo: wa misuzi, wa nsomba, wa nyama yootcha, wa masamba, wa makeke. Pansi pawo pali ophunzira, ndipo pamapeto penipeni pali wotsuka mapoto. Oda ikabwera, aliyense amapanga chidutswa chake, ndipo zonse zimakumana pa mbale pa mphindi imodzi. Mpaka lero m'makhitchini ambiri wamkulu akalamula, onse amayankha pamodzi kuti "Oui, chef", kutanthauza kuti inde bwana.

Mbale za masiku ano zimadya manja ambiri kuposa za nthawi ya Escoffier. Ku El Bulli ophika ankaposa 40 pophikira alendo pafupifupi 50 usiku umodzi. Msuzi wa timadontho titatu tija ukhoza kukhala utayamba dzana ndi mafupa owiritsidwa usiku wonse. Katsamba kaja wina anakasankha pakati pa masamba mazanamazana ndi kukaika ndi kachitsulo kopanira. Palibe lesitilanti imene ingalipire anthu onsewa malipiro okwanira kuchokera pa alendo 50 okha, ndiye kwa zaka zambiri mpatawo unkatsekedwa ndi achinyamata ogwira ntchito mwaulere, otchedwa stagiaire. Amabwera miyezi iwiri kapena itatu, amadzilipirira ulendo ndi pogona, pofuna kuti dzina la malo otchuka lilembedwe pa mapepala awo ofunsira ntchito. Ena amati anaphunzira zimene sukulu iliyonse sikanawapatsa. Ena amati anangokhala manja. Mayi wina amene anakaphunzira ku Noma anauza nyuzipepala ya New York Times kuti miyezi itatu yonse ntchito yake inali imodzi yokha, kuumba tizilombo tokongoletsa mbale kuchokera ku zipatso zouma. Noma inayamba kulipira ophunzira ake mu Okutobala 2022, zimene zinawonjezera madola osachepera 50,000 pa mwezi, ndipo patangopita miyezi itatu chilengezo chija chinatuluka.

Pali mbali ina imene ine imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira. Ku Noma komweko kunali Ali Sonko, wochokera ku Gambia, amene ankatsuka mbale kuyambira pamene malowo anatsegulidwa mu 2003. Mu 2010, Noma itasankhidwa kukhala lesitilanti yopambana pa dziko lonse, iye analephera kupita ku London kukalandira nawo ulemuwo chifukwa cha chitupa cha ulendo, ndipo anzake anakwera pa nsanja atavala malaya okhala ndi nkhope yake. Mu 2017 anapatsidwa gawo la umwini wa lesitilantiyo. Nkhaniyi inamveka dziko lonse chifukwa chakuti sizichitikachitika. Otsuka mapoto ambiri, kuphatikizapo abale athu ku Joni, mayina awo sadziwika kunja kwa khitchini.

Nyenyezi za kampani ya matayala

Mawu amene amasokoneza anthu kwambiri ndi akuti lesitilanti yakutiyakuti ili ndi nyenyezi ya Michelin. Ena amaganiza kuti ndi zofanana ndi nyenyezi za hotela. Si choncho. Ndipo Michelin wake ndi yemweyo wa matayala a galimoto.

Mu 1900 abale awiri, André ndi Édouard Michelin, a ku Clermont-Ferrand, ankafuna kugulitsa matayala m'dziko limene linali ndi magalimoto osakwana 3,000. Anaganiza kuti anthu akamayenda maulendo ataliatali matayala adzatha msanga, ndiye anasindikiza kabuku kofiira, makope pafupifupi 35,000, n'kumagawa ulere. Munali mapu, malo ogulira mafuta, okonza magalimoto ndi pogona. Mu 1920 anayamba kukagulitsa. Gawo la malo odyera linakula, ndipo mu 1926 anayamba kuika nyenyezi imodzi pa malo ophika bwino. Mu 1931 nyenyezi zinafika zitatu. Matanthauzo ake akadali onunkha msewu: imodzi ndiye kuti malo abwino kwambiri, ima udye ngati ukudutsa, ziwiri, ndi pofunika kupatuka pa njira yako, zitatu, ndi pofunika kunyamuka ulendo wapadera chifukwa cha chakudyacho. Malo a nyenyezi zitatu pa dziko lonse ndi pafupifupi 150 okha.

Opereka nyenyezi ndi oyendera olembedwa ntchito ndi kampaniyo. Amabwera mosadziwika, ngati mlendo wina aliyense, amadya n'kulipira. Michelin imati amayang'ana zinthu zisanu: ubwino wa zipangizo zophikira, luso la kaphikidwe, kugwirizana kwa kakomedwe, umunthu wa wophika woonekera m'chakudya, ndi kusasinthasintha, kutanthauza kuti akabweranso mwezi wina apeze chimodzimodzi. Imanenetsanso kuti nsalu za patebulo ndi kukongola kwa nyumba sizilowa nawo. Umboni umene amapereka ndi monga wa Chan Hon Meng wa ku Singapore, amene mu 2016 analandira nyenyezi pa kamalo kake ka mumsika kogulitsa mpunga ndi nkhuku pa madola 2 a m'dzikolo, ngakhale anadzaitaya mu 2021. Mu 2024 kamalo kogulitsa taco (kachigumu kopyapyala ka chimanga koikamo nyama) ku Mexico City, El Califa de León, komwe anthu amadya ataimirira, nako kanalandira. Otsutsa amayankha kuti zitsanzo zotere n'zowerengeka, ndipo pafupifupi malo onse a nyenyezi ziwiri ndi zitatu ndi odula kwambiri.

Nyenyezi si ya muyaya, ndipo si ya munthu koma ya malo. Imaunikidwanso chaka ndi chaka, ngati timu ya mpira mu ligi imene ingakwere kapena kutuluka. Lesitilanti ya Paul Bocuse pafupi ndi Lyon inasunga nyenyezi zitatu kuyambira 1965, koma mu 2020, patapita zaka ziwiri mwini wake atamwalira, inatsitsidwa kufika pa ziwiri, ndipo ku France nkhaniyo inali mkamwamkamwa. Mphunzitsi wa Bocuse anali mayi, Eugénie Brazier, amene mu 1933 anali ndi nyenyezi zitatu pa malo ake awiri onse, zisanu ndi chimodzi pamodzi. N'zodabwitsa kuti patapita zaka zonsezi amayi otsogolera makhitchini a nyenyezi zitatu akadali ochepa kwambiri.

Akulu anati walira mvula walira matope. Nyenyezi imabweretsa alendo ndi mpata wokweza mitengo, komanso imabweretsa mantha oitaya. Mu Febuluwale 2003 Bernard Loiseau, wophika wa nyenyezi zitatu ku Saulieu, ku France, anadzipha pa nthawi imene buku lina loyesa malesitilanti, la Gault Millau, linali litamutsitsa kuchoka pa 19 kufika pa 17, ndipo kunali mphekesera zakuti Michelin imulanda nyenyezi imodzi. Nyenyeziyo sinalandidwe, ndipo amene ankamudziwa amatchulanso ngongole ndi matenda a maganizo, choncho sitinganene kuti chifukwa chinali chimodzi. Komabe imfayo inatsegula mkangano umene sunathe. Marco Pierre White wa ku Britain anasiya nyenyezi zake zitatu mu 1999. Mu 2017 Sébastien Bras wa ku Laguiole, ku France, anapempha kuti amuchotse m'bukulo kuti aziphika momasuka. Anamuchotsa, koma mu 2019 anamubwezeramo ndi nyenyezi ziwiri iye asanapemphe. Chaka chomwecho Marc Veyrat anasumira Michelin atamulanda nyenyezi yachitatu, ponena kuti woyendera anamunamizira kuti anagwiritsa ntchito tchizi cha cheddar cha ku England m'malo mwa tchizi cha kwawo ku mapiri a Savoie. Khoti linakana dandaulo lake.

Mkangano wina ndi wa ndalama. Michelin siyendera dziko lililonse. Masiku ano nthawi zambiri imafika kumene mabungwe okopa alendo athandizapo: bungwe la Visit California linapereka madola 600,000 kuti buku la 2019 likhudze chigawo chonse cha California ku America. Michelin imati ndalamazo zimalipira ntchito yoyendera, sizigula nyenyezi. Ena amati ngakhale zili choncho, ndalama ndi zimene zikujambula mapu a kumene kuli chakudya chabwino. Palinso mndandanda wina wopikisana nawo, World's 50 Best Restaurants, woyamba mu 2002 ku Britain, umene umadalira mavoti a anthu oposa 1,000, ophika, olemba nkhani ndi oyendayenda. Nawo uli ndi oudandaula, amene amati umakomera malo odziwa kudzitsatsa.

Bilu ndi kangachepe

M'malesitilanti ambiri mtengo wa zipangizo zophikira umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mlendo walipira pa chakudya. Zotsalazo zimapita ku malipiro, lendi, magetsi, mbale zosweka, nsalu ndi misonkho. Zipangizo zina n'zoduladi. Safironi, chokometsera chakudya chochokera ku maluwa, amatoledwa ndi manja, ndipo pamafunika maluwa pafupifupi 150 kuti papezeke gilamu imodzi. Bowa wapansi woyera wa ku Alba ku Italy, wotchedwa truffle, amafunidwa ndi agalu m'nkhalango m'miyezi yochepa ya chaka. Koma chodula kwambiri ndi anthu ndi nthawi: tebulo limene m'malo wamba lingadyetse magulu atatu usiku umodzi, pano limakhala la gulu limodzi. N'chifukwa chake ambiri amalipiritsiratu ngati tikiti ya mpira, popeza tebulo lopanda anthu ndi kuluza kwa usiku wonse. Phindu lenileni nthawi zambiri limachokera ku vinyo, amene amagulitsidwa kuwirikiza kawiri kapena katatu mtengo wa m'sitolo. Katswiri wothandiza kusankha vinyo amatchedwa sommelier, ndipo kumuuza malire a thumba lako si chamanyazi, ndi ntchito yake kupeza choyenera m'malirewo.

Kangachepe ka woperekera kamasiyana ndi dziko. Ku Japan sapereka. Ku South Africa mwambo ndi 10 peresenti kapena kuposerapo. Ku London malo ambiri amawonjezera okha 12.5 peresenti pa bilu, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo la ku Britain limakakamiza mabwana kupereka ndalama zonsezo kwa ogwira ntchito. Ku America anthu amapereka 15 mpaka 20 peresenti kapena kuposa, ndipo si mphatso chabe, chifukwa malipiro otsikitsitsa a boma lalikulu kwa wolandira kangachepe ndi madola 2.13 pa ola kuyambira 1991, ngakhale zigawo zambiri zinakweza awo. Danny Meyer wa ku New York anathetsa kangachepe m'malesitilanti ake mu 2015 pofuna kuti ophika, amene salandira nawo, apindulenso. Mu 2020 anabwerera ku njira yakale.

Mafoloko atatu ndi madzi osamba m'manja

Chimene chimaopsa ambiri tsiku loyamba si chakudya koma zida. Lamulo lake ndi lalifupi: yambira kunja kulowa mkati, chifukwa anaziyala motsata mbale zimene zikubwera. Ukalakwitsa woperekera amangobweretsa china. Malamulowa si akale monga mmene amaonekera. Mngelezi wina, Thomas Coryat, atalemba mu 1611 za mafoloko amene anaona ku Italy n'kuyamba kudyera, anzake anamuseka. Nafenso tili ndi malamulo a pa chakudya ofunika kuphunzira: wamkulu ayambe kusamba m'manja, mwana asathamangire nyama, mlendo asakane chakudya mwachipongwe. Mlendo wochokera kunja amene sanawaphunzire amasowa mtendere pa mphasa ngati mmene ife timasowera pa tebulo la matambula anayi. Masiku ano malo ambiri apamwamba afewetsa. Jekete ndi tayi sizikakamizidwanso kwambiri, mbale zina amakuuza kuti udye ndi manja, ndipo Gaggan Anand ku Bangkok anatchuka ndi mbale imene mlendo amaidya ponyambita.

Chakudya cha ndani chimatchedwa chapamwamba?

Noma itayamba kuika nyerere pa mbale, olemba nkhani a ku Ulaya anati ndi nzeru zatsopano. Wa ku Malawi kapena ku Chipata amene amadikira ngumbi mvula yoyamba ikagwa, amene amadziwa mphalabungu ndi bwamnoni, angamwetulire. Maziko a kaphikidwe ka Noma, olembedwa ndi ophika a maiko a kumpoto kwa Ulaya mu 2004, anali kudya za m'dera lako, za m'nyengo yake, kuphatikizapo zotola kutchire. Agogo athu othyola chisoso, bonongwe ndi denje, ozula bowa, ofutsa mfutso, akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Kusiyana kwake kuli pa zaka zofufuza, kuyesa ndi kulemba zimene Noma inaikapo, komanso pa amene anabwera kudzaona n'kulengeza.

Pofika 2024 Michelin inalibe buku la malesitilanti a dziko lililonse la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, choncho wophika wa mu Africa wofuna nyenyezi ankayenera kukaipezera kunja. Jan Hendrik van der Westhuizen wa ku South Africa anailandira mu 2016 ku Nice, ku France. Georgiana Viou wa ku Benin anailandira mu 2023 ku Nîmes. Mu Febuluwale 2024 Adejoké Bakare, wobadwira ku Nigeria, wophika wodziphunzitsa yekha, analandira nyenyezi pa lesitilanti yake ya Chishuru ku London, ndipo anakhala mayi wakuda woyamba ku Britain kufika pamenepo, akuphika zakudya za kumadzulo kwa Africa. Mu Africa momwemo namo mukuchitika zinthu: mu 2019 Wolfgat, kamalo ka mipando 20 m'mudzi wa asodzi wa Paternoster ku South Africa, kophika zomera za m'mphepete mwa nyanja, kanasankhidwa kukhala lesitilanti ya chaka pa mwambo wa World Restaurant Awards ku Paris. Malawi nayo imafika pa matebulo amenewa mwa njira ina: kampani ya Rare Tea Company ya ku London imagula tiyi ku Satemwa, ku Thyolo, n'kumagulitsa ku mahotela ndi malesitilanti apamwamba.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi limene Noma inasiya pa tebulo. Ngati aliyense kukhitchini alipidwa mokwanira n'kumagwira maola oyenera, kodi chakudya cha mbale 20 chingakhalepobe pa mtengo umene ngakhale olemera angavomere, kapena chidzangokhala chokopera anthu ku mahotela akuluakulu ndi makampani amene amapezera phindu kwina? Dongosolo la Escoffier nalo likufunsidwa. Ophika otchuka angapo, kuphatikizapo Redzepi mwini wake mu 2015, anavomereza kuti ankazunza antchito awo ndi ukali. Ena amati popanda mwambo wolimba mbale sizingafanane usiku ndi usiku, ena amati mwambo ndi nkhanza n'zosiyana ndipo makhitchini ambiri aonetsa kale zimenezo.

Pali funso la chilengedwe. Lesitilanti ya Eleven Madison Park ya ku New York inasiya nyama ndi nsomba mu 2021 n'kusungabe nyenyezi zake zitatu, koma mu 2025 inalengeza kuti ibwezeretsa nyama pa menyu. Kodi alendo ndi okonzeka kulipira mtengo womwewo pa masamba?

Ndipo pali funso limene limatikhudza ife mwachindunji. Michelin kapena bungwe lina likadzafika kuno, ndani adzalipire, nanga woyendera adzayesa ndi lilime la kuti? Nsima imakoma yotentha, yambiri, yodyera pamodzi ndi manja. Timati chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala, ndipo mwambiwu umanena za kugawana mbale imodzi. Kodi chambo ndi nsima ziyenera kudulidwa n'kuikidwa pakati pa mbale yaikulu, munthu aliyense yake, kuti zitchedwe zapamwamba? Ophika ena a mu Africa akuyesa njira imeneyo, ena akuikana n'kumaperekera m'mbale zogawana, ndipo sizikudziwika kuti oyendera ndi alendo olipira adzatsata ati.